Ulemu Sugulidwa Pamsika

Mawu oyankhulidwa pa kalasi ya sukulu ya akulu ku Fíngoè



Lero tisanatsegule mabuku athu, tiyeni tikambirane funso limodzi. Funso lake ndi ili: kodi pamudzi pathu timapereka ulemu kwa yani?

Tiyambe ndi zimene tinaona ndi maso athu. Tsiku lina kunali msonkhano wokonza chitsime. Mpando unalipo umodzi wokha. Kunafika mkulu wina amene wakhala akutisulira makasu ndi nkhwangwa kuyambira tili ana. Palibe amene anaimirira. Mkuluyo anakhala pa muzu wa mtengo. Patapita nthawi kunafika mnyamata pa njinga yamoto yatsopano, atangobwera kumene kuchokera kokumba golide. Anthu atatu anathamangira kukampatsa mpando. Poyankhula, tonse tinatchera khutu kwa mnyamatayo, ngakhale sanakumbepo chitsime chiyambire. Mkulu uja, amene amadziwa pamene madzi ali pafupi, sitinamufunse kanthu.

Mnyamatayo sanalakwe. Olakwa ndife amene tinanyamula mpando.

Makolo athu ankalemekeza chiyani?

Boma lathu lino limatchedwa Marávia. Dzina limeneli likuchokera kwa Amaravi, makolo athu. Dera lino la kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi linali m'manja mwa Undi, ndipo likulu lake linali ku Mano. Amaravi ankadziwika kutali chifukwa cha luso lawo. Mu 1831 Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi pochokera ku Tete kupita kwa Kazembe. Iye analemba za anthu osungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu. Makasu amenewo ankasinthanitsidwa ndi katundu wina m'madera ambiri.

Masiku amenewo munthu ankatchuka ndi ntchito ya manja ake. Wosula ankadziwika ndi mvukuto wake. Mayi woumba ankadziwika ndi mbiya zosadontha. Mzamba ankadziwika ndi ana amene anawalandira. Namkungwi ankadziwika ndi mwambo umene anaphunzitsa. Nkhoswe yabwino inkadziwika poyanjanitsa banja popanda kukondera.

Tisanamizane kuti kale kunalibe chuma. Chuma chinalipo, ndipo mafumu anali nacho. Koma tamverani dzina la mfumu yaikulu ya Achewa: Kalonga Gawa Undi. Gawa ndiye kuti wogawa. Mfumu inkalemekezedwa chifukwa inkagawa malo, ndipo pa njala inkatsegula nkhokwe. Mpaka lero mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amasonkhana mwezi wa Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Makolo ankati kupatsa ndi kuika. Chuma chinkabala ulemu pokhapokha chikafika kwa anthu ena.

Zinthu zinasintha bwanji?

M'zaka za m'ma 1800, kufupi ndi Zumbo kunali anthu amphamvu monga Kanyemba ndi Matakenya. Iwo analemera ndi minyanga ya njovu ndi kugulitsa akapolo. Anali ndi mfuti zambiri. Anthu ankagwada pamaso pawo, koma ankagwada chifukwa cha mantha. Mantha si ulemu.

Kenaka atsamunda anabweretsa msonkho wa ndalama ndi ntchito ya chibalo. Munthu wopanda ndalama ya msonkho ankagwidwa, ngakhale akhale mmisiri wotani. Amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku mafamu a ku Rhodesia. Makasu a m'sitolo anachuluka, ndipo ng'anjo zinazima. Pang'ono ndi pang'ono tinayamba kuyesa munthu ndi zimene zili m'thumba mwake.

Pa nkhondo ya ufulu, imene inayaka mwamphamvu kuno ku Tete kuyambira mu 1968, tinakumbukiranso mwambo wakale. Amene ankasenza katundu usiku ndi amene ankaphikira omenya nkhondo analibe nsapato. Komabe mawu awo ankamveka, chifukwa anali okhulupirika. Ufulu unafika pa 25 Juni 1975. Mu 1978 boma linayambitsa ntchito yophunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba m'dziko lonse. Aphunzitsi ambiri anali odzipereka, ndipo anthu ankawatcha aphunzitsi mwaulemu ngakhale anali achinyamata.

Nkhondo yachiwiri inatibalalitsa. Ambiri a ife tinathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera manja ali m'khosi. Umphawi umenewo unatiphunzitsa kuopa kusowa. Ndalama za fodya, za golide ndi za nsomba za m'nyanja ya Cahora Bassa zitayamba kuoneka, ena a ife tinayamba kuzigwadira.

Tikutaya chiyani?

Abale, nkhani imeneyi si ya mpando wokha ayi.

Choyamba, tikutaya chilungamo. Pabwalo la milandu, mawu a mwini ng'ombe akalemera kuposa mawu a mayi wamasiye, munda wa ana amasiye umapita.

Chachiwiri, tikutaya ana athu aakazi. Makolo ena amapereka mwana wa sukulu kwa mwamuna chifukwa ali ndi golosale. Safunsa za khalidwe lake. Tikumbukire kuti kuyambira mu 2019 lamulo la dziko lathu likuletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Wopereka mwana ndi womutenga, onse ali ndi mlandu.

Chachitatu, tikutaya luso. Mwana amaona amene timamuimirira. Akaona kuti wosula akukhala pa muzu, sadzafuna kugwira nyundo. Akaona kuti mphunzitsi akusekedwa chifukwa amayenda pansi, adzasiya sukulu ndi kupita kumaenje a golide. Golide amatha m'dzenje. Luso silitha m'manja.

Tichite chiyani?

Sitikunena kuti chuma ndi choipa. Tonse tikufuna nyumba ya malata, njinga ndi chakudya chokwanira. Amene walemera ndi thukuta lake timuyamike. Koma tisanamupatse mpando, tifunse mafunso atatu. Chuma chake anachipeza bwanji? Wathandiza nacho yani? Nanga nkhani imene tikukambayi akuidziwa?

Pa nkhani ya chitsime, ayambe kuyankhula wodziwa madzi. Pa nkhani ya uchembere, ayambe mzamba ndi namwino. Pa nkhani ya malire a minda, ayambe akulu amene anaona malirewo akuikidwa. Paja akulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ifenso m'kalasi muno tikuphunzira luso. Munthu wodziwa kuwerenga amaona yekha manambala a pa sikelo pogulitsa fodya. Amawerenga chikalata asanasaine. Sapita kukagwada kwa wolemera kuti amuwerengere kalata. Luso limeneli palibe angatilande, ndipo sitiligula ndi metical.

Pa msonkhano wotsatira mpando udzakhalanso umodzi. Tiyeni tidzaganize bwino tisanaunyamule.



Mafunso okambirana

1. Tchulani amisiri atatu a m'mudzi mwanu. Kodi ali ndi ana amene akuphunzira ntchito yawo?
2. Kodi dzina lakuti Gawa likutiphunzitsa chiyani za chuma?
3. Kodi mantha ndi ulemu zimasiyana bwanji?
4. Lembani m'kope mwanu mawu awa: ulemu, luso, chuma, chilungamo.