Kulera Ana pa Balaka

Mau amene mayi wina wachikulire analankhula kwa anzake a sukulu ya kwacha

 Mwandipempha kuti ndisimbe za kale lathu pano pa Balaka. Ndinena zokhazo zimene ndinaona ndi maso angawa.

Ine ndinakulira pafupi ndi siteshoni. Masiku amenewo Balaka sanali boma payekha ayi. Tinali pansi pa Kasupe, amene pambuyo pake anatchedwa Machinga. Boma lathu tinalandira mu 1998.

Wotchi yathu inali sitima. Ikangolira, amayi anga ankasenza dengu la zitumbuwa, ine mtedza wokazinga, liwiro la ku njanji. Tinkagulitsira pa mawindo. Ndalama zake zinali mapeni, tiki ndi sikisi. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala. Sheleni imodzi inasanduka 10 tambala. Agogo anga mpaka kumwalira ankawerengabe masheleni!

Nditakwatiwa, bambo a kunyumba anapita ku Joni ndi Wenela. Anandisiya ndi ana awiri. Kalata ikabwera, ndinkapita nayo kwa mnyamata wina wa sukulu kuti andiwerengere. Taganizani anzanga. Mau a mwamuna wako, a m'nyumba mwako, ayambe wamva ndi mwana wa eni! Pofika madzulo, anthu onse ku chitsime adziwa kuti kwabwera ndalama zingati. Mawa lake obwereka ali pakhomo.

Mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana. Boma linaletsa ulendo wa Wenela. Bambo atabwerako tinayamba kulima thonje.

Thonje ndi ntchito, inu mukudziwa. Kupopera, kutola padzuwa la kuno, kenaka kukhala pansi banja lonse kusankha loyera ndi lothimbirira. Tsono pa msika, wina akayang'ana sikelo nalemba pa pepala, ife tinkangoti zikomo. Kaya walemba zoona, kaya wadula, tikanadziwa bwanji?

N'chifukwa chake ndinalimbikira za sukulu ya ana. Nthawi imeneyo pulayimale inali yolipira, kufikira mu 1994. Ana anafika asanu, ndalama yosakwanira. Achibale anati, "Mtsikanayu atsale, adzakwatiwa." Ine ndinakana. Ndinabwerera ku siteshoni ndi dengu la amayi lija. Chaka china mvula itavuta tinagulitsa mbuzi ziwiri, koma mwanayo sanajombe.

Ali mu Sitandade 5, ndinamutenga ku msika wa thonje. Anaima pafupi ndi sikelo nawerenga manambala mokweza. Wolemba uja anamuyang'ana, nayang'ananso pepala lake, nalemba pang'onopang'ono. Amayi ena anayamba kundipempha kuti, "Tibwerekeniko mwana wanuyo." Tsiku limenelo anawerengera mabanja anayi.

Ana onse ali pa okha tsopano. Ine ndinalowa sukulu ino tsitsi litayera kale. Mwezi wathawu ndinawerenga ndekha tsiku limene adokotala analemba m'buku langa la kuchipatala, ndipo ndinapita pa tsiku lake lenileni.