Mau a Zithunzi Zoyenda: Kodi Tiwapeza Kuti?

Lero cherani khutu ku nkhani ya zithunzi zoyenda, zimene ambiri amacha makatuni, makamaka za mau amene amamveka m'menemo.

Poyamba tiyeni tione m'mene zithunzi zimenezi zimayendera. Cithunzi cojambula pa pepala sicigwedezeka ai. Koma mukajambula zithunzi zambiri zosiyana pang'onopang'ono, ndi kuzionetsa mwamsanga cimodzi pambuyo pa cinzace, maso amaona ngati Kalulu akuthamangadi. Pa kanema pamapita zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo ojambula ambiri amajambula 12 cabe ndi kuonetsa ciliconse kawiri. Werengani nokha: mphindi imodzi ifuna zithunzi 720. Masiku ano mphunzitsi amene ali ndi foni yojambula angathe kucita nchito imeneyi pamodzi ndi kalasi yace.

Koma Kalulu wosalankhula sakondweretsa. Afunika mau, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, poganiza kuti ayenera kulipira akatswiri ndalama zambiri. Kodi ndi zoona? Imvani izi. Mu 1928 Walt Disney wa ku America anatulutsa kanema wa Mickey Mouse wochedwa Steamboat Willie, ndipo kwa zaka zambiri, kufikira 1947, iye mwini ndiye anali kulankhula mau a kambewa kameneka. Munthu winanso, Mel Blanc, anali kulankhula yekha mau a Bugs Bunny, a Daffy Duck ndi a ena ambiri. Conco pakamwa pamodzi pangaturuke mau a nyama zambiri.

Tsono yambani kufuna pafupi. M'kalasi iliyonse muli mwana amene amaseketsa anzace potsanzira tambala, mbuzi kapena wogulitsa makala. Nthawi zina mwana wotere timamudzudzula cifukwa ca phokoso, koma pa nchito iyi ndiye cuma canu. Kumudzi kuli ambuye odziwa nthano, amene mau ao a Njobvu ndi a Fisi palibe angawapose. Ku chalichi kuli oimba odziwa kuturutsa mau bwino.

Posankha, aphunzitsi, citani motere. Lembani mizere iwiri kapena itatu pa bolodi. Ana onse atembenuke ndi kuyang'ana kumbuyo, ndipo ofuna kuyesa awerenge mmodzimmodzi. Potero kalasi idzasankha ndi makutu, osati ndi maso, ndipo mwana wamanyazi kapena wobvala zong'ambika adzakhala ndi mwai wofanana ndi anzace. Sankhani mau osiyana ndithu, ena aakulu, ena aang'ono, kuti womvera adziwe amene akulankhula.

Lamulo lalikulu ndi ili: jambulani mau poyamba, zithunzi pambuyo. Akatswiri ambiri amacita comweco, cifukwa nkwapafupi kuyenderanitsa milomo ya Kalulu ndi mau amene alipo kale. Mukayamba ndi zithunzi, ndipo mau akakhala aatali kuposa m'mene munaganizira, mudzabwereza nchito ya masiku ambiri.

Pojambula mau pezani cipinda cacing'ono ca phee. Kalasi yopanda anthu siyenera, cifukwa mau amagunda zipupa ndi kubwerera. Pacikani mabulangeti kuzipupa kuti amwe mau obwererawo. Musajambule mvula ikugwa pa malata. Foni ikhale kutali ndi pakamwa ngati cikhato cimodzi, ndipo mzere uliwonse unenedwe katatu kuti mudzasankhe wabwino. Amene ali ndi kompyuta angadule ndi kulumikiza mau ndi pulogalamu yaulere yochedwa Audacity.

Ena adzafunsa za mau opangidwa ndi kompyuta. Alipodi, ndipo ena ndi aulere. Koma cenjerani pa cinenero cathu. M'Cinyanja kukweza kapena kutsitsa mau kumasintha tanthauzo. Nenani "mtengo" wa m'thengo, nenaninso "mtengo" wa pamsika. Zilembo ndi zimodzimodzi, koma kachulidwe kasiyana. Mwana wa Giredi 3 amadziwa zimenezi osaphunzitsidwa, pamene makina angathe kuzisokoneza.

Kumbukiraninso kuti cinthu cochipa si cinthu copanda mwini. Mau a munthu ndi ace. Pemphani cilolezo kwa makolo musanajambule mwana, makamaka ngati kanemayo adzaikidwa pa intaneti. Ambuye akakuthandizani, musapite cimanjamanja: kasopo kapena kashuga ndi ulemu. Ndipo lembani maina a onse olankhula kumapeto kwa kanema.

Ana inu, musayese nchito imeneyi ndi masewera cabe. Mu 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anai a mu Lusaka, imene anaiyamba ndi mai wa m'Zambia muno, Malenga Mulendema. Kanema wotere safuna ojambula okha, afunanso olankhula.

Nchito yanu ya sabata ino nayi. Sankhani nthano imodzi yaifupi yokhala ndi nyama zitatu. Pezani olankhula atatu monga tanenera, jambulani mau ao kwa mphindi imodzi, ndipo mumvetsere pamodzi muli citsinzinire. Ngati mungathe kuzindikira nyama iliyonse osaona cithunzi, mwakonzeka kuyamba kujambula. Tsalani bwino.