Mana ndi Mphesa za ku Esikolo

Nkhani ya madzulo ano icokera m'buku la Numeri, mutu 13 ndi 14, ndipo inena za masiku amene ana a Israyeli anaima pakhomo pa dziko la Kanani, nakana kulowamo.

Kucokera ku phiri la Horebu kufika ku Kadesi Barinea ndi ulendo wa masiku 11 okha. Atafika kumeneko, Mose anatuma amuna 12, mmodzi wa pfuko liri lonse, kukazonda dzikolo. Anayenda masiku 40, nabwera ndi makangaza, nkhuyu, ndi tsango la mphesa la ku cigwa ca Esikolo, limene anthu awiri analinyamula pamtengo. Onse anabvomereza kuti dzikolo linali labwino, koma khumi a iwo anaopa malinga a midzi ndi msinkhu wa ana a Anaki. Kalebi ndi Yoswa okha ndiwo analimbitsa anthu mtima. Usiku umenewo khamu lonse linalira, ndipo anapangana kusankha mtsogoleri wina wowabwezera ku Aigupto.

Anthu amenewa sanasowe umboni. Anaoloka Nyanja Yofiira pouma, anamwa madzi oturuka m'thanthwe ku Refidimu, ndipo mtambo unawatsogolera usana, ndi moto usiku. Komabe pamene anayeza adani ao, anawayeza ndi mphamvu zao za iwo eni, naiwala Iye amene anathyola mphamvu ya Farao. Umenewu ndiwo muzu wa kusakhulupirira.

Ciweruzo cinali colemera. Tsiku liri lonse la kuzonda linasanduka caka ca kuyendayenda, zaka 40 pamodzi, ndipo onse owerengedwa a zaka 20 ndi kupitirira anafera m'cipululu, kupatula Kalebi ndi Yoswa.

Koma codabwitsa ndi ici, kuti mana sanaleke. Amene anadandaula madzulo anatola cakudya m'mawa, masiku 6 pa sabata, zaka zonsezo. Zobvala zao sizinathe, mapazi ao sanatupe. Mana analeka ku Giligala, ana ao ataoloka Yordano ndi kudya zipatso za Kanani. Ana omwewo amene makolo ao anati adzagwidwa ndi adani, ndiwo analandira dziko.

Kalebi anali wa zaka 40 pokazonda. Ali ndi zaka 85 anapempha Hebroni, kwao kwa ana a Anaki, nawapitikitsa.

Potero kusakhulupirira kwa anthu sikunafafanize lonjezo la Mulungu kwa Abrahamu; kunangowamana iwo gawo lao m'lonjezolo. Munthu akhoza kudya mphatso za Mulungu tsiku ndi tsiku, koma osafika kumene Mulungu amuitanira. Ali yense wakumva mau awa adzifunse ngati ayamika Wopatsayo ndi kumtsata, kapena angotola mana ndi kuyang'anabe ku Aigupto.