Khitchini yadya bajeti: ndalama zapita kuti, ndipo nyumbayo ndi ya ndani?

Awa ndi mawu omwe tinalankhula pa macheza athu a Loweruka ku Lilongwe. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano.

 

Ena mutaona mutu wa lero munatilembera kuti, "Gulu la ufulu wa amayi likukamba za matailosi ndi sinki? Mwasowa nkhani eti?" Sitinasowe ayi. Nkhaniyi yachokera kwa inu nomwe. Pa gulu lathu la WhatsApp yakhala ikubwera mobwerezabwereza: munthu wasunga ndalama chaka chathunthu, wayamba kukonza khitchini, ntchito yaima pakati, pano akuphika pa mbaula kukhonde, mbale akutsukira m'bafa. Ndiye kunyumba mawu ndi akuti, "Akazi simudziwa kugwira ndalama." Lero tiyeni tizitsatire ndalamazo, tione komwe zimalowera. Ukadziwa komwe zapita, sulola kunyozedwa, komanso kukubera kumavuta.

Tiyambe ndi khoma. Likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo nyumba zambiri za ku Area 10, Area 11 ndi Area 12 zinamangidwa m'zaka zimenezo. Ku Area 3, kufupi ndi Old Town, kuli zina zakale kuposa pamenepo. Kunja nyumba zimenezi zimaoneka zolimba, ndipo n'zolimbadi. Koma mmisiri akamalemba kotesheni amalemba zomwe maso ake aona. Tsiku lomwe wachotsa kabati yakale ndi pomwe mumapeza kuti chiswe chinamaliza kale matabwa akumbuyo. Akagumula matailosi mumapeza mapaipi achitsulo odzadza ndi dzimbiri mkati, ndipo khoma lakhala likumwa madzi zaka ndi zaka. Mawaya nawo anaikidwa nthawi yomwe m'khitchini munali kuka ndi firiji basi. Ife lero tikufuna ketulo, microwave, blender ndi masoketi asanu. Ndipo dziwani kuti paipi ikadutsa mita ya Lilongwe Water Board kulowa kwanu, yakhala udindo wa mwini nyumba. Chimodzimodzi mawaya a m'nyumba, ESCOM sibwera kudzakusinthirani. Pulambala ndi wamagetsi, omwe sanali m'bajeti, alowa. Walira mvula walira matope: ukangogumula, uyenera kukonza zonse zomwe wazipeza.

Chachiwiri ndi kwacha. Taonani zomwe zimalowa m'khitchini yamakono: matailosi, sinki, mipopi, mahinji, zogwirira makabati, guluu wa matailosi, kuka. Zambiri mwa izi sizipangidwa kuno. Zimachokera ku South Africa, China, India kapena Tanzania, zina kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo zimagulidwa ndi madola. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Tiwerengere limodzi: chinthu cha madola 100 chinachoka pa K118,000 kufika pa K170,000, chinthu chomwecho, pa shelefu pomwepo. Ndipo madola akasowa ku banki, amalonda ena amakawagula pa msika wamdima pa mtengo wokwera kwambiri, mtengowo n'kuthera pa inu ogula. Ngakhale simenti wopangidwa konkuno, kaya wa ku Kasungu kaya wa ku Blantyre, amakwera mafuta akakwera, chifukwa sabwera wapansi. Ndiye ngati munatenga mitengo kumashopu a hadiweya mu Malangalanga mu Januwale, ndalama za ku banki nkhonde n'kuzilandira mu Disembala, bajeti yanuyo inafa kalekale musanagule ndi msomali womwe. Apa palibe kusasamala kwa mkazi.

Chachitatu ndi kotesheni yeniyeniyo. Amisiri amadziwa kuti tikuyerekeza mitengo, ndiye ena amatsitsa dala kuti ntchito aipeze. Pa pepala pamangolembedwa kuti "makabati ndi matailosi, zonse pamodzi zakuti." Mulibe mchenga, mulibe thiransipoti yochokera ku Old Town kukafika ku Area 43, mulibe aganyu okweza ndi kutsitsa katundu, mulibe kuchotsa zigumukire, mulibe penti ya pomwe agumula. Simunauzidwe ngati mtengo wa m'shopu uli kale ndi VAT kapena ayi. Matailosi awerengedwa ndendende, pomwe ena amasweka ndipo ena amadulidwa m'makona. Mukabwerera kukagula bokosi limodzi lowonjezera, mtundu uja watha, ndiye musankhe: khitchini ya mawangamawanga kapena kugula onse mwatsopano.

Pano tinene zomwe ambirife tazionapo. Mkazi akafunsa mafunso ambiri pa kotesheni, yankho limakhala lakuti, "Mayi, izi n'zaumisiri, tikambirana ndi abwana." Mtsikana amene akukhala yekha amafunsidwa kuti, "Kodi abambo a pakhomo pano ali kuti?" Ndalama ndi zako, khitchini ndi yako, koma nkhani ya mitengo akufuna akambe ndi mwamuna. Ambirife timachita manyazi, timangoti "chabwino bambo, inu ndi amene mukudziwa." Manyazi amenewa ndi odula kuposa granite. Sitikunena kuti amisiri onse ndi akuba, ayi. Ambiri ndi anthu achilungamo omwe nawonso akulira ndi mitengo yomweyi. Koma wachilungamo saopa mafunso, ndipo safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi kusintha pakati pa ntchito. Izi zimachitika pawiri. Pena ndife tomwe: taona khitchini pa Instagram, tikuti sinki isamuke ipite pa windo. Kusuntha sinki ndi mawu awiri, koma ndi mapaipi atsopano, kugumula pansi, simenti ndi masiku ena atatu a pulambala. Koma pena zimachitika chifukwa amene amaphika sanafunsidwe poyamba. Pulani akambirana abambo ndi kalipentala, amayi ali ku ntchito ku City Centre, ndipo asisi othandiza pakhomo, omwe amakhala m'khitchinimo tsiku lonse, palibe anawafunsa n'komwe. Makabati akwera, n'kupezeka kuti ndi aatali moti wophika safikira, soketi ili kuseri kwa firiji, malo oika silinda ya gasi palibe, chonsecho tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira mumzinda muno. Kukonza cholakwika chimenechi ndi kulipira kawiri. Kufunsa mkazi poyamba ndi kwaulere.

Chachisanu ndi nthawi. Anati masabata awiri, yapita miyezi iwiri. Magetsi azima, makina odulira matabwa aima. Mafuta asowa, monga tinaonera kumapeto kwa 2024, galimoto ya katundu yagona pa mzere. Mmisiri walandira dipoziti yonse n'kukayamba ntchito ina ku Area 47, foni sakuyankha. Masiku onsewa banja likudya. Makala, chakudya chogula, madzi otunga ndi ndowa, ndi tsiku lomwe wajomba ku ntchito kuti udikire amisiri, zonsezi ndi ndalama zomwe palibe amazilemba m'bajeti. Ndipo amene amanyamula mtolo umenewu timamudziwa. Ndalama zikathera panjira, ena amathamangira katapila kuti ntchito ithe, n'kuyamba vuto lalikulu kuposa khitchini.

Tsopano funso lomwe tabwerera kwenikweni: ndalama zonsezi zikulowa m'nyumba ya ndani? Simenti ukamuthira pa khoma, sungamunyamule posamuka.

Ngati nyumba ndi ya lendi, musagumule kanthu musanalemberane ndi landilodi. Pepalalo linene kuti walola, linene ndalama zingati zichotsedwa pa lendi, komanso kuti lendi sikwera kwa nthawi yakuti. Tamvapo za anzathu omwe atangomaliza kukongoletsa khitchini, lendi inakwera chifukwa "nyumba pano ndi yabwino."

Ngati nyumba ndi ya chibwenzi, ngakhale mukukondana chotani, funsani kuti mapepala a nyumba ali m'dzina la ndani. Pena mumapeza kuti ndi nyumba ya makolo ake, ndipo abale ake onse ali ndi gawo.

Ngati muli pabanja, malamulo ali mbali yanu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena, komanso wolandira gawo loyenera la katundu wa awiriwo banja likatha. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limauza khoti kuti pogawa katundu lione zomwe aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa masiye kukhala mlandu. Koma asisi, ku khoti amafuna umboni. Ngati munapereka ndalama pamanja, lisiti n'kulembedwa dzina la amuna anu, alamu anu akadzanena kuti "achimwene anamanga okha," mudzayankha ndi chiyani?

Ndiye tichite izi. Tengani makotesheni atatu olembedwa, zipangizo pazokha, ndalama ya mmisiri payokha, chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwake. Musanagwirizane mtengo, pulambala ndi wamagetsi ayambe aona mapaipi ndi mawaya, ndipo wamagetsiyo akhale ndi chilolezo cha MERA. Pitani nokha kumashopu mukafunse mitengo, tengani mnzanu ngati mukuopa kupanikizidwa. Zinthu zochokera kunja gulani zonse nthawi imodzi ndalama zikangopezeka, matailosi muonjezereko pang'ono. Pa ndalama zonse zomwe muli nazo, patulani gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo musauze mmisiri kuti lilipo. Ngati ntchito singatheke popanda gawo limenelo, ichepetseni isanayambe. Lipirani pang'onopang'ono molingana ndi pomwe ntchito yafika, yomaliza mupereke madzi akutuluka pa mpopi ndipo zitseko za makabati zikutsekeka. Kusintha kulikonse kulembedwe ndi mtengo wake musanavomere, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Lipirani kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba kuchokera pa nambala yanu, lisiti likhale m'dzina lanu, mulijambule n'kulisunga pomwe foni ikatayika silitayika. Shopu ikakugulitsani chinthu chachinyengo, kuli Competition and Fair Trading Commission. Nkhani ya nyumba ikafika povuta ndipo loya simungakwanitse, kuli Legal Aid Bureau.

Ena kunyumba adzati kusunga malisiti ndi kusakhulupirira mwamuna. Ayankheni kuti ofesi iliyonse imasunga malisiti, ndipo palibe amati ofesiyo ilibe chikondi. Pajatu anatilera kuti khitchini ndi malo athu. Chabwino. Ngati ndi malo athu, tikhalepo pojambula pulani, tikhalepo pokamba mtengo, ndipo dzina lathu lioneke pa pepala.

Tisanabalalike, tipemphe chinthu chimodzi. Amene muli ndi kotesheni m'chikwama kapena mu foni, itulutseni tiiwerenge m'magulu a anthu anayi, tione zomwe zasowamo. Ndipo amene mukudziwa pulambala, kalipentala kapena wamagetsi wamkazi, maka omwe anaphunzira kudzera ku TEVETA, mutiuze pomaliza, tikufuna tiyambe kupatsana ntchito tokhatokha.