Msonkho ndi Chuma cha Anthu Opuma pa Ntchito

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa pachaka wa mamembala ku Songani, m'boma la Zomba



Ku Songani, ku Domasi ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Zomba muli anthu ambiri amene anatumikira Boma ndi makampani kufikira imvi: aphunzitsi, makalaliki, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi amisiri a ku Government Print. Zomba inali likulu la dziko kufikira 1975, ndipo ambiri amene anadza kudzagwira ntchito anamanga konkuno. Chaka ndi chaka, Nduna ya Zachuma ikamawerenga bajeti, akuluakulu amenewa atchera khutu ku wailesi, namva kuti msonkho wa pa malipiro wapepuka. Koma pakutha pa mwezi apeza kuti m'thumba mwawo simunalowe kanthu. Nkhani ino ilongosola chifukwa chake, ndiponso njira zimene msonkho ufikira nazo munthu wopuma iye osauona.

Makolo anaudziwa msonkho maso ndi maso. M'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston anali kulamulira dziko ali ku Zomba, anaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu. Mesenjala ankafika pamudzi, munthu napereka, nalandira chiphaso. Msonkho wa masiku ano ulibe mesenjala. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, liutenga ndalama zisanafike m'manja mwa mwini wake, ndipo munthu wosawerenga mapepala ake sadziwa konse kuti wakhoma.

Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza wolemba ntchito kuika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro m'thumba la penshoni, wantchito naika K5. Pa nyengo yomweyo malamulo a msonkho anasinthidwa, kotero kuti ndalama zimene munthu alandira kuchokera m'thumbamo atapuma sizidulidwa msonkho. Ichi nchabwino ndithu, koma si mphatso ayi, pakuti K5 ija inakhomedwa kale msonkho pamodzi ndi malipiro onse, munthuyo akali pa ntchito.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 2020 Boma linakweza gawo la malipiro losadulidwa msonkho kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pa mwezi. Mu Epulo 2024 linafika pa K150,000, ndipo kalaliki wolandira zoposa pamenepo anapulumutsa K12,500 mwezi uliwonse. Kumapeto kwa 2025 Nduna ya Zachuma, a Joseph Mwanamvekha, analengeza kuti gawolo likwere kufika pa K170,000. Zonsezi zithandiza munthu amene akali pa ntchito. Wopuma, amene penshoni yake sinali kudulidwa ndi kale lomwe, sapindulapo ngakhale tambala imodzi. Koma Boma likapepuza msonkho uku, liyenera kupeza ndalamazo kwina. Ndipo kwinako ndi kumene wopuma apezeka.

Njira yoyamba ndi thumba la penshoni lenilenilo. Osunga thumbalo sakwirira ndalama pansi. Amakongoza Boma, kugula magawo m'makampani ndi kumanga nyumba zobwereketsa. Phindu lotuluka m'menemo likhomedwa K15 pa K100 lisanalembedwe pa dzina la membala. Kwa munthu wosunga zaka 30 kudula kumeneku si kwakung'ono, pakuti ndalama yodulidwa chaka choyamba ikanabala inzake zaka zonse zotsatira.

Njira yachiwiri ndi banki. Wopuma akaika ndalama zake ku banki, chiwongoladzanja chake chidulidwa K20 pa K100 banki isanamupatse. Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mphunzitsi wopuma aika K1,000,000, banki nimulonjeza K10 pa K100 pa chaka. Chaka chikatha phindu lake ndi K100,000. Msonkho utenga K20,000, iye natsala ndi K1,080,000 zonse pamodzi. Koma m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera koposa K30 pa K100. M'chaka chotero, katundu amene anali wa K1,000,000 afuna K1,300,000 kapena kuposa. Motero mphunzitsi uja wakhoma msonkho pa phindu, chikhalirecho chuma chake chachepa. Kugwa kwa kwacha, ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, kunapweteka koposa anthu otere, pakuti wantchito atha kupempha bwana wake amukwezere malipiro, koma buku la ku banki lilibe pakamwa.

Njira yachitatu ndi sitolo. Msonkho wa pa katundu, wotchedwa VAT, unali 16.5 pa 100 kwa zaka zambiri, ndipo pa kulengeza komwe kuja kwa 2025 unakwezedwa kufika pa 17.5. Msonkho umenewu sufunsa zaka za munthu. Agogo ogula malata kapena simenti pa Songani akhoma chimodzimodzi ndi bwana wa kampani ku Blantyre.

Zinthu zili chomwechi, membala aganize mofatsa za tsiku lopuma. Lamulo latsopano la penshoni la 2023 lilola munthu kutenga nthawi imodzi theka la ndalama zake, pamene kale zinali K40 pa K100. Ndipo wochotsedwa ntchito adikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi. Ufulu umenewu uli ndi ubwino wake, koma uli ndi msampha. Ndalama zikatuluka m'thumba la penshoni n'kukagona ku banki, phindu lake likumana ndi msonkho wokulirapo. Zikagona m'nyumba, zikumana ndi abale, maliro ndi anyamata a malonda okoma pakamwa. Madzi akatayika saoleka. Amene atenga theka lija akhale atadziwa kale ntchito yake: kufolera nyumba, kutsiriza sukulu ya ana, kapena munda wothirira umene udzamudyetsa. Adziwenso kuti kusakhoma msonkho kuli pa penshoni yokha. Lendi ya nyumba, chigayo kapena golosale zili ndi msonkho wake, ngakhale mwini wake ali wokalamba.

Bungwe lino lingathandize anthu ake m'njira zitatu. Poyamba, membala aliyense amene akali pa ntchito apemphe chaka ndi chaka chikalata chosonyeza ndalama zake za penshoni, naone ngati bwana wake akuperekadi. Pakuti alipo olemba ntchito amene adula K5 ija koma osaitumiza. Wopeza zotero akadandaule ku Reserve Bank of Malawi, kumene kuli woyang'anira matumba a penshoni. Kachiwiri, opuma asunge mapepala onse a ku banki osonyeza msonkho wodulidwa, ndipo pamene sakumvetsa akafunse ku ofesi ya msonkho, osati kwa anzawo pa bawo. Safunsa anadya phula. Kachitatu, komiti isankhe anthu awiri odziwa masamu, amene bajeti ikawerengedwa adzalongosolera msonkhano zimene zasintha kwa opuma. Ndipo madandaulo a mamembala alembedwe ndi kuperekedwa kwa phungu wa dera lino nthawi ya bajeti isanafike.

Anthu amene anaphunzitsa ana a dziko lino, kulemba mabuku a Boma ndi kulondera malire ake anakhoma msonkho wawo mokhulupirika zaka zonse za mphamvu zawo. Nkoyenera kuti pa ukalamba wawo adziwe chimene chichotsedwa pa chuma chawo, ndi kuti mawu awo amveke pamene malamulo akusinthidwa.