Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira ntchito yoyeza maboti padoko la Kachulu

 

Ndikudziwa kuti mwini boti akamva kuti oyeza abwera, mtima umagunda. Amaganiza za chindapusa, amaganiza za tsiku la ntchito lotayika. Ndiloleni tsono ndikufotokozereni kumene ntchito imeneyi idachokera, chifukwa mwambo wakewu ndi wakale kwambiri.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitima zambiri za pamadzi zinkapangidwa ndi chitsulo ku Britain, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Glasgow. Bungwe la Lloyd's Register, lomwe lidayamba mu 1760 ku London, linkatumiza woyeza wake sitima isanaoneke n'komwe maonekedwe. Ankayambira kufakitale yosula zitsulo, kukadula kachidutswa ka chitsulo, kukakoka ndi kukapinda kuti aone ngati kathyoke. Chitsulo chikapambana ankachidinda chizindikiro. Pomanga, ankayenda ndi kanyundo m'manja, kugogoda misomali yolumikiza zitsulo umodziumodzi, chala chili tsidya linalo. Msomali wogwedera unkamveka, ndipo ankalamula kuti uzulidwe. Thanki yowiritsira madzi a injini ankaipopera madzi mwamphamvu yoposa imene idzagwirire ntchito, kuti ngati n'kuphulika iphulike pamtunda, anthu asanakwere. Nangula ndi unyolo wake nazonso ankaziyesa. Zonse zikayenda bwino, sitima inkalembedwa m'buku ndi chizindikiro cha 100A1, ndipo pakatha zaka 4 inkayezedwanso mozama.

Chinanso chinali mzere wa m'mbali mwa sitima. Samuel Plimsoll, phungu wa ku Britain, adamenya nkhondo m'nyumba ya malamulo chifukwa eni sitima ankadzaza katundu mopyola muyezo, amalinyero n'kumafera m'nyanja. Lamulo la 1876 lidakhazikitsa mzerewo: madzi akauphimba, katundu wachuluka.

Musaganize kuti izi n'zakutali. Sitima ya Chauncy Maples idapangidwa ku Glasgow komweko, n'kuphwasulidwa, n'kubwera m'zidutswazidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, zina pamitu pa anthu. Adailumikiza kwa Mponda ku Mangochi, ndipo idalowa m'madzi mu 1901. Yatha zaka zoposa 100 chitsulo chake chikadalipo. Dzina lakuti Chauncy Maples ndi la bishopu amene adamira pa nyanja ya Malawi mu 1895, boti lake litagubuduzika ndi mphepo. Ndipo akuluakulu muli pano mudamvapo za Vipya, sitima yatsopano imene idamira pa 30 July 1946 cha ku Chitimba, n'kupha anthu 145. Sitimayo inali yatsopano, koma utsopano wakewo sudaipulumutse.

Ena muti, koma Chilwa yathu ino ndi nyanja yosaya, nsungwi imafika pansi. N'zoona. Tidaiona ikuphwa mu 1995, tidaionanso mu 2018 anthu akuyenda wapansi pamene ankaponya makoka. Koma kusaya komweko n'kumene kumachititsa kuti mwera ukawomba mafunde adzuke msanga, afupiafupi, omenya boti motsatizana. Pansi pali matope okakamira mwendo. Mayi amene wabereka mwana kumbuyo, boti litatembenuka pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, kusaya kwa nyanja sikumuthandiza.

Ndaona maboti ena pano m'mawa uno. Matumba a matemba pansi, a mpunga pamwamba, njinga ziwiri, anthu atakhala pamphepete, madzi atatsala pang'ono kufika pamlomo wa boti, mnyamata mmodzi ali kalikiliki kukapa madzi ndi chigubu chodula. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindibisa. Woyendetsa amawerenga ndalama za ulendo umodzi, koma amene akwerawo ndi mabanja athunthu.

Pempho langa loyamba likupita kwa inu amisiri. Musadikire kuti boti lithe, lipakidwe utoto, ndiye muitane woyeza. Utoto umabisa thabwa lofumbwa ndi msomali wadzimbiri. Muitaneni matabwa akadali poyera, monga ankachitira a ku Glasgow aja, aone mtengo umene mwasankha, aone phula m'mipata. Kwa inu oyeza, mzere umene mujambule lero pa boti lililonse ukhale woona, wosasuntha chifukwa choti wina wakupatsani ya fanta. A komiti ya padoko, boti limene mzere wake wamira lisanyamuke, ngakhale mwini wake akhale mlamu wanu. Majekete odzitetezera pamadzi amene tabweretsawa avalidwe, asakhale mitsamiro. A Mfumu Mwambo, ife tibwerera ku Zomba madzulo ano, inu ndi amene mutsale ndi dokoli, ndipo mawu anu amamveka kuposa kalata ya ku ofesi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ntchito yoyeza ndi kulembetsa maboti pano pa Kachulu yatsegulidwa. Boti loyamba likokeredwe kumtunda.