Mabala a mumtima nawonso amafuna chithandizo: mawu a mlendo wolemekezeka potsekera maphunziro a zaluso kwa Nsamala



Mfumu yathu yaikulu a Nsamala, eni nthaka tapondayi. Magulupu ndi nyakwawa nonse. A khansala ndi oimira ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Balaka. Ansembe, abusa ndi mashehe. Alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi. Akatswiri a zaluso amene mwatsogolera maphunzirowa. Amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana, ndi inu ana mwakhala kutsogoloku, landirani ulemu wanga nonse.

Ndikuthokoza pondiitana kudzakhala nanu. Ndazungulira, ndaona zojambula zimene mwapachika pakhomapo, ndagwira nsalu zimene amayi asoka ndi miphika imene aumba, ndamva nyimbo, ndipo sewero lija ndaonera mpaka kumapeto. Mwagwira ntchito yotamandika.

Komabe ndikudziwa kuti pakati pathu pano alipo amene akudzifunsa chamumtima kuti: chimanga chikusowa, feteleza wakwera mtengo, thonje likugulidwa motchipa, ndiye anthu akuluakulu asiye khasu n'kumakajambula zithunzi ndi kuvina? Funsoli si lachipongwe. Ndi funso la munthu amene akudziwa kuwawa kwa njala, ndipo liyenera kuyankhidwa.

Tiyeni tikumbutsane zimene dera lino ndi madera oyandikana nalo adutsamo m'zaka zochepa chabe. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri a m'chigawo chakummwera. Mu Marichi 2019 kunabwera namondwe wa Idai. Mu 2022 anatsatizana anamondwe a Ana ndi Gombe, ndipo m'mwezi wa Marichi chaka chomwecho kolera anayambira kwa anansi athu ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, mpaka kupha anthu oposa 1,700. Misozi isanaume, mu Marichi 2023 kunagwa Freddy, amene anatilanda anthu oposa 1,000, ena a iwo osapezeka ngakhale mitembo, n'kusiya anthu oposa 600,000 opanda pogona. Chaka chotsatira dzuwa linawamba mbewu m'minda, ndipo boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino mwagwa tsoka. Ife a ku Balaka, kumene mvula imavuta kale ndi kale, sitinachite kumva pa wailesi.

Tsoka likagwa, abale athu a mabungwe ndi a boma amabwera ndi ufa, mapepala a pulasitiki, zidebe ndi mabulangete. Tikuthokoza, chifukwa popanda zimenezo ambiri tikanawaika m'manda. Koma galimoto zikabwerera, pamatsala katundu wina amene sakwera pa sikelo. Mayi uja amene khoma linamugwera usiku, lero mphepo ikangogwedeza malata amadzuka n'kukhala tsonga mpaka mbandakucha. Mwana wa sitandade 4 amene anasiya kale kukodza pogona wayambiranso, ndipo kumwamba kukachita mdima amathawa m'kalasi. Bambo amene mbuzi zake zinapita ndi madzi a Rivirivi sayankhulanso pakhomo. Akayankhula ndiye kukalipa, ndipo madzulo amakathera ku kachasu. Anthu otere amapita kuchipatala akudandaula mutu, msana, mtima kuthamanga. Akawayeza malungo sapezeka. Amalandira panado n'kubwerera kunyumba, ife n'kumangoti akuganiza kwambiri, zidzatha zokha. Zina zimathadi. Zina sizitha, zimasanduka nkhanza m'banja, mwana kusiya sukulu, ngakhale munthu kudzichotsera moyo. Munthu wosagona salima bwino. Choncho kuchiza mtima ndi kufuna chimanga si ntchito ziwiri zolimbana.

Nzeru yogwiritsa ntchito luso pochiza chisoni sinabwere pa ndege. Makolo athu ankaidziwa. Mayi akakhala ndi nkhawa ya m'banja ankaitulutsira pamtondo: musi ukugunda, nyimbo ikutchula zonse, apongozi ndi mwamuna akumva, koma palibe amene akanamutengera kubwalo chifukwa choimba. Pamaliro sitisiya anamfedwa okha. Timagona pasiwa, makwaya akuimba usiku wonse, ndipo Asilamu anzathu amasonkhana pa sadaka. Beni amene anyamata amavina kuno ndi ku Mangochi anatengera perete wa asilikali, zinthu zoopsa za nkhondo n'kuzisandutsa gule wosangalatsa mudzi. Kumpoto kuli vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Zimene mwachita m'maphunzirowa ndi kufukula nzeru yakaleyo n'kuiphatikiza ndi zimene a zaumoyo akudziwa lero.

Ndipo ngati pali dera loyenera kumvetsa zimenezi m'Malawi muno, ndi lino. Mu 1978, Bambo Mario Pacifici ndi achinyamata a pa Balaka anayambitsa Alleluya Band, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa kaimbidwe kamene dziko lonse limakatchula ndi dzina la boma lathu. Paul Banda anajambula oimba ambirimbiri mu situdiyo yake pompano. Mng'ono wake, malemu Soja Lucius Banda, amene anatisiya pa 30 Juni 2024, anali mwana wa m'mudzi mwa Sosola, kwa Nsamala konkuno. Chimbale chake choyamba anachitcha Son of a Poor Man, osachita manyazi ndi umphawi umene anakuliramo. Mu 2006 analowa m'ndende ya Zomba, ndipo atatuluka sanabise zimene anaona. Anaziika m'chimbale cha Cell 51 Maximum. Anthu ankamukonda chifukwa ululu umene iwo ankalephera kuutchula ankaumva m'mawu ake.

Masewero nawonso ali ndi mbiri kuno. M'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College ankabwera ku Mwima ndi ku Mbela, mogwirizana ndi a zaumoyo a ku Liwonde, kudzachita masewero okhudza zitsime, zimbudzi ndi matenda. Sankangosewera anthu n'kumaonerera. Ankaima pakati pa sewero n'kufunsa mudzi kuti apa titani, anthu n'kuyankha, ena n'kulowa m'bwalo. M'ndende ya Zomba ija, mmene analowa Lucius, akaidi ndi asilikali a ndende anajambula nyimbo zawo mu 2013, ndipo chimbale chawo chinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Kwa anansi athu ku Mozambique, amene ambiri a iwo tinawasunga kuno nthawi ya nkhondo, Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Amisiri anadula mfutizo n'kuwotcherera ziboliboli, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti zokhazokha uli ku British Museum mumzinda wa London.

Tsono luso limachiza bwanji? Ndifotokoze ndi zimene ndaona lero. Pakhoma paja pali chojambula cha mwana wina. Wajambula nyumba, madzi afika pawindo, anthu anayi aima padenga. Pambali, patali pang'ono, wajambula galu, ndipo galuyo wamukanda ndi pensulo mpaka pepala kubooka. Mukanamuitana mwanayo n'kumufunsa kuti fotokoza zimene zinachitika usiku uja, akanangoyang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi chala chakuphazi. Koma mphunzitsi wake wandiuza kuti atangomufunsa dzina la galuyo, nkhani yonse inatuluka. Manja akatanganidwa, pakamwa pamamasuka.

M'sewero lija munali bambo amene ankangokhala pakhonde, mkazi akamupatsa nsima iye n'kukankha mbale. Ndinayang'ana kumene kwakhala abambo kuja. Poyamba munkaseka, kenaka kuseka kunatha, ena anayamba kuyang'ana kumbali. Sewero limapatsa munthu mpata woona vuto lake litavala malaya a munthu wina. Atha kunena kuti bambo uja akufunika thandizo, osaulula kuti bamboyo ndi iye. Kuimba pamodzi nakonso kuli ndi ntchito yake m'thupi: mpweya umayenda mwadongosolo, mtima umatsika, ndipo amene ankadziona ngati ali yekha amamva mawu ake akulowerana ndi a anzake. Chinanso ndi ichi: tsoka limamusiya munthu akudziona wopanda mphamvu, wongoyembekezera kulembedwa m'kaundula wa olandira. Akaumba mphika n'kuuwotcha, n'kutuluka wosang'aluka, amakumbuka kuti manja ake akadali ndi ntchito.

Ndikadakhala wosakhulupirika ndikanangoyamikira osachenjeza. Bala la mumtima lili ngati chithupsa: ukachifinya chisanapse umangowonjezera ululu. Choncho, inu otsogolera magulu, musakakamize munthu kufotokoza zimene sanakonzeke kunena. Wina akafuna kungokhala n'kumamenya ng'oma miyezi itatu osayankhula, mulekeni, akuchira momwemo. Zimene zanenedwa m'gulu zithere m'gulu momwemo, zisakamveke pamjigo kapena pa WhatsApp. Musajambule nkhope ya mwana kapena mayi akulira n'kukaika pa Facebook kuti abwana aone kuti ntchito ikuyenda. Misozi ya munthu si lipoti. Nkhani ya kugwiriridwa kapena kumenyedwa isaseweredwe mwanjira yoti mudzi wonse uloze chala kuti akunena uje.

Chenjezo lachiwiri: ng'oma si chipatala. Mukaona munthu sakudya, sakusamba, akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena akunena zoti kuli bwino kungofa, musadikire tsiku lokumana gulu. Muperekezeni kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala cha boma ku Balaka, kumene angamuthandize kapena kumutumiza ku Zomba Mental Hospital. Kupita kumeneko si chitonzo. Nkhani za nkhanza zipite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndi kwa a zachisamaliro cha anthu. Ana ali ndi nambala yawo yaulere, 116. Tisaiwalenso kuti Chipatala cha pa Foni, chimene lero chikuthandiza dziko lonse, chinayambira m'boma lathu lino mu 2011. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo njira imeneyi yafika m'maiko ambiri. Agogo otere tili nawo m'mudzi uliwonse. Chofunika ndi kuwaphunzitsa pang'ono ndi kuwalumikiza ndi achipatala.

Tsopano ndipemphe. Ndiyambe ndi inu mafumu athu. Mawu anu ndi amene amatsegula kapena kutseka khomo. Perekani malo okumanirapo, ngakhale pansi pa mlambe, ndipo pamisonkhano yanu nenani poyera kuti kuvutika maganizo si ufiti, si ulesi, si kulodzedwa.

Kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti: matchalitchi ndi madarasa amakhala otseka masiku ambiri pa sabata. Atsegulireni magulu amenewa. Pemphero ndi chithandizo sizidana.

Kwa aphunzitsi: phunziro la zaluso lisakhale nthawi yotuma ana kukasesa kapena kukatunga madzi. Makala, dongo, mlaza ndi mapepala akale n'zokwanira kuyambira.

Kwa abambo anzanga: ndawerenga nkhope za amene atenga nawo mbali, ndipo amayi akuchulukirani kutali. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, koma akuluakulu omwewo anatinso mwana wosalira amafera kumsana. Ngati kujambula mukukuona ngati kwa ana, bwerani mudzaseme mipini, mudzaluke nkhokwe, mudzakunge ng'oma. Pamene manja akugwira, nkhani zidzabwera zokha.

Kwa a khonsolo ndi mabungwe: pokonza dongosolo lothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ikanimo chisamaliro cha maganizo kuyambira pachiyambi, osati ngati chotsalira. Ndipo musamayese ntchitoyi ndi chiwerengero cha anthu amene asayina pepala. Bwereraninso pakatha chaka mudzafunse ngati anthu akugona tulo.

Pomaliza, kwa inu amene mwaphunzira. Tonse tikudziwa magulu amene anayamba ndi chikondwerero ngati chino n'kufa tsiku limene alawansi ndi fanta zinatha. Lanu lisakhale limodzi mwa amenewo. Musanabalalike lero, gwirizanani tsiku lokumana sabata yamawa, sankhani wosunga zipangizo, ndipo aliyense aganizire mnansi mmodzi amene wadzitsekera m'nyumba, akamugogodere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mvula idzabweranso, chilala chidzabweranso, ndipo mudzi umene unaphunzira kulira pamodzi ndi kuimba pamodzi ndi umene udzadzuke msanga.

Ndi mawu amenewa, mwa chilolezo cha mfumu yathu a Nsamala, ndikulengeza kuti maphunziro a zaluso ano atsekedwa, ndipo ntchito ya magulu m'midzi yayamba. Muyende bwino pobwerera kwanu. Mulungu adalitse dera la Nsamala, adalitse Malawi.